Phulusa Limene Anatibwezera

Khalani pansi ana inu. Iwe Madalitso, foni yakoyo ika m'thumba, siithawa. Tadala, tenga mpando uwo, ndi mimba imeneyo ukakhala pamphasa tivutika kukudzutsa. Ndakuitanani chifukwa cha nkhani imene mwakhala mukuizungulirazungulira mwezi wonse uno. Mukufuna munda wa kumtunda uja, umene pali bwalo la mpira. Napolo atadutsa anakwirira munda wa Tadala wa kumtsinje ndi mchenga ndi miyala, mwana ali m'njira, ndipo mvula siidikira munthu. Mwati anthu anasiya kupita ku mpira, ndiye malo aakulu chotero angokhaliranji pamene mukhoza kubzalapo chimanga ndi nandolo. Simunalakwe kupempha. Mundawo ndi wanga, unachokera kwa amayi anga, ndipo udzapita kwa Estere mwana wanga ndi inu ana ake. Yankho ndikupatsani lero lomwe. Koma muyambe mwamva chimene chinachotsa anthu kumeneko, chifukwa zimene mumanena zoti ndi vidiyo sho ya ku Migowi ndi theka chabe la nkhani.

Agogo anu aamuna, a Layitoni, amene mwawapeza atatsamira khoma pakhondepo ndi mwendo wosayendawo, musawaone lero. Anabwera kuno kudzakhala chikamwini kuchokera kwa Chiwalo ali mnyamata wamtali, wowongoka, woyenda modzikonda. Katundu wawo yense anali khasu, bulangete ndi mpira wachikopa womanga ndi chingwe, umene anaupeza ku maesiteti a tiyi ku Mulanje kumene ankagwira ntchito. Amayi anga atauona mpirawo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa ngati ndi mkamwini ameneyu tizidya mpira. Koma kulima ankalima, sindingawanamizire. Dzuwa likapendeka ndiye ankasonkhanitsa anyamata amene ankamenya chikulunga mumsewu n'kumawaphunzitsa kuti mpira uli ndi malamulo, sikuthamangitsa nkhuku ya alendo ayi.

Chaka chimenecho munda wa kumtunda unali tsala, amayi anausiya kuti upume. Poti masiku amenewo mkamwini sankalankhula ndi apongozi ake maso ndi maso, ankachita kupatuka m'njira akawaona, a Layitoni anatuma ine kukapempha. Amayi anakambirana ndi malume n'kuvomera kuti anyamatawo abwereke kwa chilimwe chimodzi chokha. Anasalaza ndi makasu, anadzika mitengo ya golo, pamwamba n'kupingasa nsungwi imene inkapindika pakati. Koma zitunda za kumunda sizinathe zonse, moti mpira ukagunda pansi unkalowera kumene wafuna wokha. Anyamata athu ankadziwa pamene pali chitunda chilichonse, alendo ayi. Ogonja ankapita akutukwana kuti agonja kwa alimi osati kwa osewera, ndipo anatipatsa dzina lakuti Akumunda. Ife tinalilandira ndi manja awiri. Mvula inagwa, amayi sananene kanthu. Inagwanso chaka china, zii. Kenaka amayi omwewo ndi amene ankayambitsa nyimbo zonyoza goloboyi wa alendo, ndipo anamwalira asanaufunsenso munda wawo.

Tsono tcherani khutu apa, chifukwa mpamene pagona nkhani. Bwalo la mpira limafuna mizere yoyera, ndipo ife laimu tinalibe. Agogo anu anati tiyese phulusa. Koma phulusa la nyumba imodzi silingazungulire bwalo lonse, ndiye mwambo unangobadwa wokha popanda msonkhano. Mayi aliyense ankasunga phulusa la pamoto pake sabata yonse, osalitaya kudzala, kungotapako pang'ono la chidulo cha therere. Loweruka masana tinkalisefa ndi sefa yakutha kuchotsa makala, n'kulisenza m'mabeseni ndi m'malichero mpaka kubwalo. Agogo anu ankakoka chingwe cha khonje n'kumatsira ndi chitini chobowola pansi, atawerama, mutu wonse uli mbuu. Ankatsira motsata mmene tafikira, ndiye aliyense ankaona pamene phulusa lake lagwera, ndipo m'kupita kwa nthawi aliyense anakhala ndi chigawo chake. Mnzanga wa pamtima, Abiti Saidi, amene ankaphika zigumu zogulitsa, phulusa lake linali loyera kuposa la tonsefe. Limenelo agogo anu ankalisungira kadontho ka penate, ndipo Abiti Saidi ankadzitama nako kadonthoko ngati wamanga nyumba ya malata.

Ndiye Lamulungu ukanakhala bwanji pakhomo phulusa lako lili kubwalo? Tikangochoka ku tchalitchi tinkaphika mothamanga, ndiwo zipse zisapse, n'kumangira mwana kumsana, ulendo. Aliyense ankakaima pa mzere wake. Mpira ukatuluka, woyimbira sankavutika, chifukwa mwini phulusa ankalumbira kuti waudumpha mzere iye akuona, ndipo ukakhala mpira wotikomera ife ankalumbiranso kuti sunatuluke. Kumene kuli amayi kumakhala atsikana, ndipo kumene kuli atsikana anyamata sachita kuwaitana. Ukuseka chiyani Madalitso? Bambo ako anawaonera kuti amayi ako? Kunkabwera ogulitsa nzimbe, makaka owiritsa, kalongonda wa m'mbale, matemba okazinga a ku Chilwa, ndi thobwa la m'mitsuko lomwera chikho chimodzi tonse. Azibambo ankabwera ndi ng'oma za tchopa. Chigoli chikalowa tonse tinkathamangira m'bwalo, zitenje m'mwamba, ndipo woyimbira ankangokhala pansi kudikira kuti timalize. Pofika madzulo mizere inali itafufutika, phulusa lonse lili kumapazi kwathu, tikubwerera nalo kunyumba.

Musaganize kuti ine mpira ndinkaudziwa. Mpaka lero za ofusayidi sindizimva. Agogo anu anayesapo kundifotokozera ndi nyemba pamphasa, izi zathu izi za alendo, ine ndinangotola nyembazo n'kukaziphika. Chimene ndinkadziwa n'chakuti akuthamanga uyo ndi mwana wa Abiti Saidi amene ndinamuberekapo kumsana mayi ake akudwala, ndipo wagwa apoyo ndi mwana wa achimwene anga, woba mango uja. Ngakhale timu ikapita koyenda sitinkatsala. Tinapitapo ku Jenala pa mdipiti wa njinga, amayi pakaliyala mapoto ali pamiyendo, fumbi mpaka m'mano. Anatichinya zigoli zochititsa manyazi, koma tinabwerera tikuyimba njira yonse, moti anthu a m'midzi ya m'njira ankatifunira mafuno abwino poganiza kuti tapambana. Sitinawauze zoona.

Ndikuuzeninso china chimene sindichinena kawirikawiri. Estere asanabadwe tinali ndi mwana wamwamuna, amene anatisiya asanayambe kuyenda. Ine ndinadzitsekera m'nyumba, kuchitsime ndinkapita anthu atachokako, sindinkafuna maso a munthu. Loweruka lililonse Abiti Saidi ankabwera, osalankhula zambiri, n'kulowa kukhitchini kwanga, kupala phulusa langa n'kulisenza pamodzi ndi lake. Lolemba ankadutsa kudzandiuza kuti mzere wanga unaoneka bwino, koma palibe amene anaimapo, ndiye mpira unatuluka kangapo popanda mboni. Anachita zimenezi osatopa mpaka tsiku lina ndinavala mpango n'kupita kukaima pamalo panga. Palibe amene anandipepesanso kapena kundiyang'ana mwachisoni. Mayi wa pafupi nane anangondisunthira malo n'kundipatsa nzimbe. Umo ndi mmene ndinabwererera kwa anthu, ndipo bwalo limenelo ndimalikonda chifukwa cha zimenezo.

Zaka zinapita, osewera oyamba anakalamba, analowa ana awo, ndipo ana amenewo ankaudziwa mpira kuposa makolo awo. Anapambana mipikisano ya kuno mpaka timu inalowa mu ligi yomenyana ndi matimu a maboma ena. Tinavina mpaka miyendo kutupa. Mkulu wina wogula mbewu ku Migowi anadzipereka kuthandiza, anagula majezi, nsapato ndi maukonde a m'magolo. Sanali munthu woipa ayi. Kunasankhidwa komiti ya anthu a sukulu, wapampando wake Fanuwelo, mwana wa achimwene anga, woba mango yemwe uja atakula. Agogo anu komitiyo inawapatsa udindo wa mlangizi, kutanthauza kuti azikhala pampando kutsogolo koma asamalankhule.

Vuto linayamba ndi timu ina yochokera kutali. Atafika anakana kulowa m'bwalo, ati phulusa limene tathira lili ndi mankhwala, akalidumpha miyendo iwalemera. Anayamba kuwaza madzi a mchere ndi kulowa chobwerera m'mbuyo, ife tikufa ndi phwete, poti mankhwala ake anali mapesi a nandolo ndi zitsononkho. Titawachinya anakadandaula kwa akuluakulu a ligi, ndipo akuluakuluwo anagamula kuti mizere izikhala ya laimu basi. Mkulu wa ku Migowi uja anagula matumba a laimu. Mpaka pamenepo palibe chinalakwika. Chimene chinalakwika n'chakuti komiti inakumana, inagwirizana, inalemba ganyu anyamata oti athire, koma palibe amene anakumbuka kudzatiuza ife amayi.

Loweruka limenelo tinasefa monga mwa masiku onse n'kunyamuka pa mndandanda, mabeseni pamutu, tikuyimba. Titafika tinapeza bwalo lalembedwa kale, mizere yoyera mbee, yowongoka kuposa ya agogo anu. Agogo anuwo anali ataima pafupi ndi golo, chitini chawo chili m'manja, osadziwa kochiika. Fanuwelo anatichingamira m'mphepete, manja kumbuyo, mwaulemu wake wonse.

"Amayi, pepani, za phulusa zatha," anatero. "Pano tili mu ligi, zimenezi ndi zachimidzi, zikutichititsa manyazi kwa alendo. Mwavutika zaka zambiri, kapumeni. Inu muzingobwera kudzaonera."

Tinangoima, katundu ali pamutu. Abiti Saidi ndi amene anafunsa, motsitsa mawu: "Ndiye tikalitaye kuti, mwanangu?"

Tinamusiya Fanuwelo ataima pomwepo n'kutembenuka. Mwanayo ankaganiza kuti akutipeputsira ntchito, ndikudziwa. Koma inu ana a masiku ano mwina simudziwa kuti kuno ukapita ndi kanthu pakhomo pa mnzako iye n'kukubweza nako, ngakhale kakhale kochepa bwanji, mwendo umalemera kupitakonso. Akanangolandira phulusalo n'kuthokoza, n'kukalitaya kuseri kwa chulu ife titachoka, mwina lero tikanakhala tikunena zina. Tinabwerera osayimba, aliyense anapatukira kwawo, ndipo langa ndinakalikhuthulira pa nthochi. Mumtima munandiwawa ngati andithamangitsa pa ukwati wa mwana wanga.

Palibe amene ananena kuti tiyeni tinyanyale. Mawa lake wina anati ali ndi nyemba pamoto, wina mutu, wina alendo. Ine ndinapita chifukwa cha agogo anu, koma nditafika sindinadziwe poima, poti mizere yonse inali ya mwini mmodzi. Laimu safufutika msanga ngati phulusa, ndiye Loweruka panalibenso chotikumanitsa, ndipo amene sanakumane Loweruka sakumbutsana za Lamulungu. Amayi atachepa nyimbo zinachepa, atsikana anatsala kunyumba, ndipo anyamata oonera anayamba kuona kuti dzuwa likuwotcha.

Zinazo zinangobwera motsatana. Ligi inafuna mpanda, ndiye anazinga bwalo ndi udzu ndi masaka n'kuika munthu pageti wolipiritsa. Ana amene ankakwera m'mitengo ya mango kuti aonere ankawathamangitsa ndi zikoti. Ogulitsa nzimbe ndi thobwa anauzidwa kuti nawonso azilipira, ndiye anasamukira kumsewu. Kenaka kuti timu isatuluke mu ligi anayamba kutenga osewera a ku Mulanje ndi ku Zomba, ana abwino ndithu, odziwa mpira, koma amayi awo sitinkawadziwa. Nyimbo zathu zinkatchula mayi wa wosewera, kuti mwana wa uje wabwera nawo, ndiye munthu wosamudziwa mayi ake umuyimbira chiyani? Ana athu anatopa kukhala pabenchi, ena anayamba kabaza, ena anawolokera ku Mozambiki, ena anapita ku Joni.

Vidiyo sho inabwera nthawi imeneyo. Siinakoke munthu kumuchotsa kubwalo, inangotola anthu amene anali atachoka kale, akungokhala m'mbali mwa msewu. Lero Madalitso amakana nsima timu yake ya kunja ikagonja, anthu amene sadziwa n'komwe kuti padziko pali malo otchedwa Phalombe. Ena mumachita kubetcha pafoni n'kumatukwana munthu amene sakukumvani. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Koma sindikukudzudzulani kwambiri. Ndinasuzumirapo tsiku lina ku Migowi pochokera kumsika: muli mthunzi, muli benchi, udzu wa pa kanemayo ndi wobiriwira, ndipo mpira umapita kumene wamenyedwera. Inu munabadwa bwalo litazizira kale, simungalire chinthu chimene simunachione.

Mapeto ake mkulu wa ku Migowi uja anasamukira kwina ndi malonda ake. Laimu anatha, osewera obwera anapita kumene kuli zabwino, mpanda unadyedwa ndi chiswe, timu inatsika kubwerera kumene inachokera. Lero palibe geti, kuonera ndi kwaulere, koma anthu kulibe. Fanuwelo anabwera yekha pano, imvi zili tuu, kudzandipempha kuti ndiuze amayi abwerere ngati kale. Ndinamukhululukira kalekale mwana ameneyo, ankafuna zabwino. Koma ndiuze ndani? Abiti Saidi tinamuika, anzanga ambiri tinawaika, otsalafe maondo anakana. Atsikana a lero sanaone amayi awo akusefa phulusa, ndipo ukawauza amakuyang'ana ngati wayamba kusokonekera. Ndinamupatsa thobwa, anamwa, anapita.

Agogo anu, chiwagwirireni matenda ofa ziwalo aja, kubwalo sanapondekonso. Pakhonde pathu bwalo silioneka, koma phokoso limafika. Kale akagona ndi malungo ankadziwa zigoli zonse ali pamphasa, chifukwa chathu chinkamveka ndi nthungululu ndi ng'oma, cha alendo chinkamveka ndi bata. Tsopano Lamulungu lililonse amandiuza kuti ndiwaveke malaya oyera n'kuwatulutsa panja. Amatchera khutu, koma chimene chimafika ndi wezulo yokha, ndiye amandifunsa kuti wagoletsa ndani. N'chifukwa chake mumandiona ndikukwera mtunda ndi ndodo yanga dzuwa lili pamutu. Ndimapita kukawaonera.

Lamulungu lapitali ndinapeza osewera, woyimbira, tiana tingapo ndi mbuzi za kwa a Mulipa zikudya kuseri kwa golo. Mizere anachita kukanda ndi khasu. Mnyamata wina wa timu yathu anagoletsa chigoli chokongola, choti kale tikanagwetsa nacho nsungwi ya pagolo. Anathamangira m'mbali manja atatambasula, kumene kumayenera kukhala anthu, n'kupeza ine ndekha. Ndinayesa nthungululu, koma mawu anatuluka owonda, anathera pakhosi. Mwanayo anaima, anachita manyazi, n'kuwomba m'manja pang'ono kunena kuti zikomo agogo. Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinadzimveranso chisoni. Pobwerera ndinadzera kumtsinje, ndipo ndinakuona iwe Tadala, sunandione. Unali utagwada ndi mimba yakoyo ukukumba mchenga ndi manja kuti uone ngati dothi lili pafupi, ndipo dzanja linalowa mpaka m'chigongono usanalipeze. Pamenepo ndi pamene nkhani inatha mumtima mwanga. Anyamata a mpira akhoza kupempha bwalo la kusukulu, koma mwana ali m'mimbayo sangapemphe phala kwina.

Munda tengani. Kunena kwa inu sikunandivute. Chimene chandisowetsa mtendere sabata yonse ndi kuwauza agogo anu, poti munda ndi wanga koma bwalo ndi lawo, moyo wawo wonse anauthera pamenepo. Ndinkati ndinena lero, mawu n'kubwerera. Lero m'mawa ndikuwamwetsa phala ndinalimba mtima n'kuwauza zonse, za mchenga, za mwana, ndi zoti mitengo ya golo izulidwa mvula isanagwe. Anasiya kumeza. Anayang'ana kumtunda nthawi yaitali mpaka phala linazizira m'mbale, ine n'kumaganiza kuti mwina sanamve, kapena amva ndipo sadzandilankhulanso. Mukudziwa mmene mawu amawavutira kutuluka masiku ano. Atatsegula pakamwa anachita kuwakoka limodzilimodzi.

"Amayi a Estere, Tadala alime," anatero. "Koma muwauze anawo ayambire pakati, pamera udzu, sipawavuta. M'mbalimo, m'mene munkaima amayi inu, asapitemo ndi makasu akutha. Munapondamo kwambiri. Pansi pake ndi mwala."

Atatero anatsegulanso pakamwa kuti ndiwapatse phala lozizira lomwelo. Ndinawamwetsa mpaka linatha, ndinawapukuta pachibwano, kenaka ndinapita kuseri kwa khitchini n'kukalira. Ine ndinkaopa kuti ndawalanda bwalo lawo, pamene iwo anali atayamba kale kukuganizirani za makasu.

Ndiye mwamva. Dzukani, mudzutseni Tadala pang'onopang'ono. Pitani pakhondepo mukawathokoze mmodzimmodzi, mutagwada, ndipo za mpira musawatchulire. Mukachoka pamenepo mukanole makasu anu.